Ndapeza Compaq Deskpro m'katundu wa malemu malume: kampani imeneyi inathera kuti?

Chiko wa ku Zomba: Moni nonse akuluakulu. Dzulo timatulutsa katundu m'kachipinda komwe malemu malume ankasungiramo zinthu za bizinesi yawo. Anali ndi malo otayipira makalata ndi kupanga fotokope, kenaka anadzawonjezera intaneti. Pansi pa makatoni ndapeza kompyuta yotuwa, yolemera kwabasi, yolembedwa Compaq Deskpro EN. Kutsogolo kwake kuli kasitika ka Pentium III. Pambali pake panali kabokosi kachitsulo ka mabowo 8 olowetsamo nthambo, kolembedwa Compaq Netelligent. Ndayatsa kompyutayo, fani ikuzungulira bwinobwino, koma ikungolemba kuti 163-Time & Date Not Set n'kuima pomwepo. Akazi awo a malume akuti tigulitse kwa ogula zitsulo, koma ine mtima sukulola chifukwa mwina muli makalata ndi zithunzi zawo. Kodi ingadzuke? Komanso dzina ili la Compaq sindiliwonanso m'mashopu, linapita kuti?

aPhiri a ku Limbe: Mzimu wa malume ako uwuse mumtendere, mwana wanga. Makinawo sanafe ayi, usawapereke kwa a zitsulo. Kabatire ka pa motherboard ndi kamene katha mphamvu, n'chifukwa chake yaiwala tsiku ndi nthawi. Ndi kaja kozungulira ngati ndalama yachitsulo, nambala yake CR2032, ogulitsa mawotchi amakhala nako. Uyambe wazula pulagi kukhoma usanatsegule. Ukaika katsopano, poyatsa udine F10, ukonze tsiku, usunge, basi. Koma usamangoiyatsa n'kuzimitsa kuti uwone ngati yasintha maganizo. Hard disk ya zaka zoposa 20 ikhoza kukusiya nthawi ina iliyonse, ndiye tsiku loyamba ikalowa mu Windows ntchito ikhale yokopera zomwe zilimo.

Tembo wa ku Chipata: Compaq si dzina chabe lomwe HP inkalemba pa malaputopu ake otchipa? Ine yanga yoyamba inali Presario CQ, pansi pake panali chizindikiro cha HP.

Nabanda ku Glasgow: Ayi achimwene, inu mwaidziwira kumapeto, itagulidwa kale. Compaq inali kampani payokha, ndipo panali zaka zomwe palibe kampani ina padziko lonse imene inkagulitsa ma PC ambiri kuposa iyo. Inayamba mu Febuluwale 1982 ku Houston, ku Texas. Anaiyambitsa ndi anthu atatu omwe anasiya ntchito ku Texas Instruments: Rod Canion, Jim Harris ndi Bill Murto. Aliyense anasonkha madola 1,000, ndalama zazikulu zinabwera ndi Ben Rosen, yemwe anadzakhala wapampando. Chithunzi choyamba cha kompyuta yawo chinajambulidwa pa pepala loikirapo mbale m'malo odyera otchedwa House of Pies. Kuno ku Scotland anali ndi fakitale ku Erskine, kufupi ndi komwe ndikukhala, ndipo ndimakumanabe ndi achikulire omwe anagwirako ntchito.

Tembo wa ku Chipata: Zikomo achemwali, izi sindimazidziwa. Nanga chinaikweza chonchi n'chiyani, poti IBM inalipo kale?

Nabanda ku Glasgow: Nkhani yagona pomwepo. IBM inatulutsa PC yake mu 1981, yopangidwa ndi zida zomwe aliyense akanatha kugula: processor ya Intel, DOS ya Microsoft. Chomwe chinali chawochawo ndi BIOS, kapulogalamu kaja kamene kamadzutsa makina Windows kapena DOS isanalowe. Kukopera BIOS imeneyo kunali kupalamula mlandu. A Compaq anachita kulemba yawo kuyambira pachiyambi, ndipo olembawo anali akatswiri omwe sanaonepo zolemba za IBM, amangouzidwa kuti ukaipatsa chakuti iyenera kuyankha chakuti. Anawonongerapo pafupifupi madola 1 miliyoni. Mapeto ake pulogalamu iliyonse yoyenda pa IBM inkayendanso pa Compaq, ndipo panalibe poyambira kuwasumira.

Yoyamba inali Compaq Portable, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1983 pa mtengo wa madola 2,995. Inali ndi chogwirira ngati sutikesi, kulemera kwake makilogalamu pafupifupi 13, ngati makina osokera. Chaka choyamba chokha anagulitsa 53,000 n'kupeza madola 111 miliyoni. Deskpro, gogo wake wa yomwe wapeza Chikoyo, inabadwa mu 1984.

aPhiri a ku Limbe: Mwalongosola bwino, mayi. Ndiwonjezere pomwe ine ndimaona kuti ndi pamene dziko linatembenukira, chifukwa achinyamata ambiri okonza makompyuta masiku ano sadziwa kuti mkate wawo unachokera kuti. Mu Seputembala 1986 Compaq inatulutsa Deskpro 386, yokhala ndi processor yatsopano ya Intel 80386, IBM isanatero. Kufikira nthawi imeneyo aliyense ankadikira kuti IBM iyambe, ena azitsata pambuyo ngati anapiye. Tsiku limenelo mwanapiye anatsogola.

IBM itaona kuti zinthu zikuipulumuka, mu 1987 inabweretsa PS/2 yokhala ndi mipata yatsopano yolowetsamo makadi, yotchedwa Micro Channel. Makadi akale sankalowamo, ndipo kampani yofuna kupanga makina otere inkayenera kulipira IBM. Mu 1988 Compaq inasonkhanitsa anzake, onse pamodzi makampani 9, kuphatikizapo HP, Epson, NEC, Olivetti, AST, Tandy, Wyse ndi Zenith. Anagwirizana zopanga njira yawo, EISA, yomwe inkalandirabe makadi akale. Ogula anatsata a 9 aja. Kuchokera pamenepo PC inasiya kukhala ya kampani imodzi. Lero mnyamata pa Limbe pano amatenga RAM ya kwina, hard disk ya kwina, kadi ya kwina, n'kumanga kompyuta yoyenda. Micro Channel ikanapambana, ntchito yathuyi bwenzi ili m'manja mwa ma dila ochepa okhala ndi chilolezo, ndipo ife a m'makhonde a mashopu sitikanaikhudza n'komwe.

aMbewe ku Joni: Zoona madala, koma tinene zonse. Kampani yomweyo imene inatsegulira ena chitseko, makina ake inkawapanga mwa mtundu wakewake. Zomangira zake zinali za mutu wa nyenyezi zija za Torx. Ma power supply ambiri anali a kukula kwawokwawo, sungangotola ina iliyonse n'kuikamo.

aPhiri a ku Limbe: Sindikukana. Sikuludiraiva ya T15 ndinkayenda nayo m'thumba la shati ngati cholembera. Ndipo ma Deskpro 2000 ndi 4000, omwe anatsogolera ya Chikoyi, pulogalamu ya F10 ankaisunga pa kachigawo kobisika ka hard disk. Mnyamata wanga wina wophunzira ntchito anafufuta disk yonse ya kasitomala osadziwa zimenezi, ndipo tinatha masiku tikufunafuna madisiketi obwezeretsera. Kulakwa kunali kwathu, sitinawerenge buku lake. Pa EN anaiika mu ROM, kachip ka pa motherboard, ndiye iwe Chiko usade nkhawa. Koma pa kulimba ndiye osanena. Makina amenewa ankagwira ntchito m'maofesi a fumbi, magetsi akuzimazima, mphemvu zitamangamo, koma m'mawa uliwonse ankadzuka.

Nasibeko: Ine si katswiri, ndinali wa maakaunti, koma Deskpro ndinakhala nayo pa desiki zaka zisanu ndi chimodzi. Tinkaifunditsa nsalu yosokedwa ndi telala tikamaweruka. Chomwe ndikufuna kudziwa ndi kabokosi kenako, chifukwa kofanana nako kanali pakhoma kuseri kwa mpando wanga, timagetsi take tikuphethira tsiku lonse, ndipo tinkauzidwa kuti tisakakhudze.

aPhiri a ku Limbe: Imeneyo ndi hub, mayi. Kuti mumvetse ubwino wake muyenera kudziwa zomwe tinkavutika nazo isanabwere. Netiweki zoyamba zomwe ndinamanga zinali za nthambo yakuda yonga ya eriyo ya TV, coax. Nthambo imodzi inkayenda kuchoka pa kompyuta iyi kupita pa inzake mpaka kumapeto, kutalika kwake osapitirira mamita 185, ndipo nsonga zonse ziwiri zinkatsekedwa ndi kachitsulo kotchedwa terminator. Seva inkayenda ndi Novell NetWare. Vuto la nthamboyo linali lakuti pakaduka pamodzi, ofesi yonse yaima. Ndikukumbuka ofesi ina komwe Lolemba lililonse ankandiitana kuti netiweki yafa. Titafufuza tinapeza kuti pokolopa Loweruka ankasuntha desiki imodzi, kolumikizira n'kumasuka pang'ono. Wokolopayo analibe mlandu, nthamboyo ndiyo inali yosachedwa kukhumudwa.

Hub inathetsa zimenezo. Kompyuta iliyonse inakhala ndi nthambo yakeyake yopita pa kabokosiko, ikaduka imodzi enawo akupitiriza ntchito. Koma hub siisankha. Uthenga ukalowa pa bowo limodzi imaubwereza pa mabowo onse, ngati mfumu yolengeza pamsonkhano nkhani ya munthu mmodzi. Awiri akayankhula nthawi imodzi mauthenga amawombana, onse n'kuyambiranso, ndipo pali kagetsi kolembedwa collision komwe kamayaka zikatero. Switch yomwe tikugwiritsa ntchito lero imadziwa kuti uthenga uwu ndi wa bowo liti, n'kuupereka komweko basi.

Nasibeko: Ndiye chifukwa chake kumapeto kwa mwezi, tonse tikamalowetsa malipiro nthawi imodzi, zinkayenda ngati kamba. Zaka zonsezi ndimaganiza kuti ndi kompyuta yanga inkatopa.

aMbewe ku Joni: Dzina la Netelligent lili ndi mbiri yakenso. Compaq inali kale ndi makadi a netiweki otchedwa NetFlex a m'maseva ake. Cha kumapeto kwa 1995 inagula makampani awiri a ku Texas komweko: Thomas-Conrad, yopanga makadi, ndi NetWorth, yopanga ma hub, yomwe inadya madola pafupifupi 372 miliyoni. Katundu wa awiriwa ndi amene anamusonkhanitsa pansi pa dzina la Netelligent. Mu 1997 anawonjezera Microcom ya ma modem. Maganizo anali oti ofesi igule zonse pakhomo limodzi: kompyuta ya pa desiki, seva, kadi, hub, modem. Koma msika umenewo unali ndi eni ake, Cisco, 3Com, Bay Networks ndi Cabletron, ndipo dzinalo silinakhalitse. Makadi anadzayamba kungolembedwa NC ndi manambala. Amene munasewerapo ndi Linux yakale mukumbukira driver, pulogalamu yoyendetsa chida cholumikizidwa ku kompyuta, yotchedwa tlan. Inalembedwera makadi amenewa, chifukwa ambiri anali ndi chip cha ThunderLAN cha Texas Instruments, komwe oyambitsa Compaq anachokera.

Ndipo ine ndimati chomwe chinapha Compaq ndi matenda omwewa a kugulagula. Mu 1997 yomweyo anagula Tandem, kampani yopanga makompyuta akuluakulu, pa madola 3 biliyoni. Mu 1998 anagula Digital Equipment Corporation, DEC, pa madola 9.6 biliyoni. DEC inali ndi antchito ambiri kuposa Compaq yeniyeniyo, processor yakeyake ya Alpha, ma operating system akeake, ngakhale AltaVista yomwe tinkafufuzira zinthu Google isanatchuke. Kampani yozolowera kupanga mabokosi a Intel ndi Windows mwachangu inapezeka ikulera ana a mitundu itatu osamvana chinenero. Mu Epulo 1999 bwana wamkulu Eckhard Pfeiffer anachotsedwa.

Nabanda ku Glasgow: Apa ndiye tisiyana pang'ono, aMbewe. DEC inalemetsa katundu, inde, koma bala linali kale pa mwendo. Dell inkagulitsa mwachindunji: kasitomala waitanitsa, walipira, kenaka ndiye amamanga kompyutayo. Compaq inkapanga zambiri n'kuzitumiza kwa ma dila kuti zikadikire ogula m'mashelefu. Pa malonda a makompyuta katundu wokhala pa shelefu ali ngati tomato, mtengo wake umatsika sabata iliyonse chifukwa Intel yatulutsa kale china chothamanga. Kumayambiriro kwa 1998 ma dila anadzaziridwa katundu wosagulika, n'kuyamba kumugwetsa mtengo. Ndipo Compaq ikati iyambe kugulitsa mwachindunji, ma dila omwe anaikweza aja ankakwiya. Pofika 2001 Dell inali itailanda mpando woyamba. Ngakhale akanapanda kugula DEC, funso la Dell likanawapezabe.

aMbewe ku Joni: Komatu mavuto a mitengo anawagonjetsapo kale. Mu 1991 makampani otchipa atawapanikiza, kampani inaluza koyamba, Rosen anachotsa Canion, mmodzi mwa oyambitsa aja, n'kuika Pfeiffer. Mu 1992 anatulutsa ProLinea yotsika mtengo, mu 1993 Presario ya m'nyumba, ndipo mu 1994 anadutsa IBM n'kukhala oyamba. Anthu omwe anachita zimenezo m'zaka zitatu akanathanso kulimbana ndi Dell, maso awo akanakhala pa mpira. Koma nthawi imeneyo akuluakulu anali otanganidwa ndi kuphatikiza maofesi a DEC ndi kuchotsa anthu ntchito.

Nabanda ku Glasgow: Mu 1992 vuto linali mtengo wopangira kompyuta, ndipo limenelo umalithetsa m'fakitale mwako. Rosen anachita kutuma antchito mwakachetechete ku chionetsero cha Comdex kukagula zida, n'kuonetsa kuti makina otchipa angamangidwe msanga kuposa momwe akuluakulu ankanenera. La 1998 linali la njira yogulitsira, ndipo kuti ulithetse umayenera kukhumudwitsa anthu omwe akugulitsira katundu wako lero lomwe. Ndi zosiyana. Koma ndikuvomera kuti kuchita zimenezo uli ndi DEC kumsana kunali kovuta kawiri.

Tembo wa ku Chipata: Ndikutsatira bwino. Ndiye HP inalowa liti?

aMbewe ku Joni: Analengeza kumayambiriro kwa Seputembala 2001, sabata imodzi zisanachitike za pa 11 zija ku New York. HP inkatsogoleredwa ndi Carly Fiorina, Compaq ndi Michael Capellas, ndipo mtengo wolengezedwa unali madola 25 biliyoni. Walter Hewlett, mwana wa mmodzi mwa oyambitsa HP, anakana kwamtuwagalu, nkhani inafika mpaka kukhoti, ndipo mavoti a eni masheya anasiyana pang'ono kwambiri. Zonse zinatha mu Meyi 2002. Dzina la Deskpro linali litapuma kale mu 2001, m'malo mwake munalowa Evo. Kenaka kunabwera ma HP Compaq aja, d530, dc7100, dc7700, mpaka 8200 ndi 8300 Elite. Presario inasanduka dzina la katundu wotsika mtengo, yomwe munagula inuyo aTembo. Mu 2013 HP inasiya kugwiritsa ntchito dzina la Compaq ku America. Lero mukaona TV kapena laputopu yatsopano yolembedwa Compaq ku India kapena ku Brazil, ndi makampani ena omwe anabwereka dzinalo.

Koma pali mwana mmodzi amene akadali moyo. Seva za ProLiant zinayamba ndi Compaq mu 1993, kutsatira SystemPro ya 1989, imene inaonetsa kuti PC ikhoza kukhala ndi ma processor awiri ndi ma disk angapo otetezana n'kugwira ntchito ya makina akuluakulu. HP itagawika pawiri mu 2015, ProLiant inapita ku Hewlett Packard Enterprise, HPE, mbali yogulitsa katundu wa makampani. Komwe ndimagwira ntchito kuno mizere yathunthu ndi ProLiant DL380, dzina lomwe linayamba nthawi ya Compaq. HPE nayo likulu lake inalisamutsira ku Spring, pafupi ndi Houston.

Nasibeko: Ma dc7700 amenewo ndi omwe adzaza m'masukulu ndi m'malo ophunzitsira kompyuta kwathu kuno. Mdzukulu wanga akuphunzirira pa yoteroyo.

aPhiri a ku Limbe: Eetu. Kuno ambiri Compaq sitinaidziwe ili yatsopano m'katoni. Atsopano ankagula ndi mabanki, boma ndi mabungwe. Enafe tinaidziwa itagwira kale ntchito zaka zinayi kapena zisanu m'maofesi a ku Ulaya, n'kubwera m'makontena, ina kudzera m'mabungwe ngati Computer Aid International a ku Britain, ina kwa amalonda. Makampani a kunja ankagula Deskpro mazanamazana ofanana, n'kuwasintha onse nthawi imodzi, ndiye ankafika kuno ali gulu. Kwa wokonza zimenezi zinali zabwino, chifukwa pa makina khumi ofanana awiri akafa amadyetsa asanu ndi atatu otsalawo. Malo ambiri a intaneti oyambirira anayamba chonchi: ma Deskpro asanu kapena asanu ndi limodzi, hub imodzi, modem imodzi pa foni ya nthambo, anthu n'kumalipira pa mphindi. Ndikhulupirira malume ako, Chiko, anayenda njira yomweyi, ndipo mabowo 8 aja akukuuza kukula kwa malo awo.

Chiko wa ku Zomba: Ndabwerako akuluakulu. Kabatire ndinakapeza kumsika kwa wokonza mawotchi, ndachita monga munanenera aPhiri. Yalowa! Ndi Windows 98, ndipo pa sikirini pali chithunzi cha malume ataima pakhomo pa shopu, chomwe pabanja pathu palibe amene ali nacho. Akazi awo atachiona akhala pansi, sanayankhule kwa nthawi ndithu. Za ogula zitsulo zija zatha. Muli mafoda a chaka ndi chaka kuyambira 2002: makalata ofunsira ntchito a anthu, mapulogalamu a maukwati ndi a maliro, malipoti a mpingo, ndi foda ina yolembedwa dzina la mudzi wathu momwe analemba mayina a makolo athu mibadwo isanu. Ndayesa kulowetsa flash koma ikufunsa driver. Ndaizimitsa kaye.

Nabanda ku Glasgow: Nkhani yabwino kwambiri, Chiko. Pempho langa ndi limodzi: makalata a anthu enawo, makamaka ofunsira ntchito ndi a zachipatala ngati alimo, usawatumize pagulu lililonse, ngakhale pano. Anawapereka kwa malume ako powakhulupirira. Tenga za pabanja, zinazo zisungidwe pamalo amodzi otsekedwa kapena zifufutidwe mukagwirizana.

Tembo wa ku Chipata: Foda ya makolo ija uisindikizenso papepala, makope angapo, ugawire azibale. Mafayilo a Word yakale amatsegukabe lero, koma pepala silifuna batire.

aPhiri a ku Limbe: Wachita bwino kuizimitsa. Windows 98 siidziwa flash popanda driver, ndipo sindikufuna uziikamo zinthu zatsopano pa disk yokalambayo. Disk yake ndi ya IDE, ya nthambo yotambalala ija ya mapini 40. Ine ndili ndi adaputa yoilumikizira ku USB, tikopera zonse pa kompyuta ina osasintha kanthu mkatimo. Usaichotse wekha ngati ulibe T15, ungawononge mitu ya zomangira. Bwera nayo yonse Loweruka m'mawa, sikirini isiye, ndili nayo ya VGA.

Chiko wa ku Zomba: Zikomo kwambiri bambo. Ndinyamuke ndi hub yomwe?

aPhiri a ku Limbe: Bwera nayo, pamodzi ndi nthambo yake ya magetsi ngati ilipo m'makatonimo. Ndili ndi Deskpro ina pansi pa tebulo, tidzazilumikiza ziwirizo kuti anyamata anga aone kagetsi ka collision kakuyaka, sanakaonepo. Kompyutayo uikulunge m'bulangete, ndipo mu minibasi usalole kondakitala aiponye kumbuyo ndi matumba. Uinyamule pamiyendo, ngakhale akulipiritse mpando wachiwiri.